Dovu la Mwatitha

Masiku ano ana amabadwa mkamwa muli mouma gwa. Amawadonthezera mankhwala odzutsa timatumba ta malovu, ndipo amene sanachuche dovu dzino loyamba lisanatuluke amamutengera kuboma, amake nkutsala.

Nkhama za Mwatitha zinali zitatupa kale. Mmawa umene woyeza ana wochokera kuboma ankabwera, amake, Nachisale, adaona kadontho kakunyezimira pachibwano pa mwanayo. Sadakakhudze. Adathamangira kumsewu kukachingamira woyezayo.

Polowa naye m'nyumba, adapeza apongozi ake atanyamula mwanayo, nsonga ya chitenje ili m'manja.

"Amayi, mwatani?"

"Ndamupukuta. Alendo amuone ali dovu chuchuchu ngati alibe womusamala?"

Woyeza adagwada nkukweza kamlomo ka Mwatitha ndi chala. Pankhama, kanthu koyera kanali katasuzumira kale.