Mapepala Awiri a Chingerezi

Nachisale anasiya mzere wa makuponi a feteleza, nakayala mapepala awiri patebulo pa aphunzitsi a Mwale.

Chingerezi sankachidziwa, koma maso anali nawo. Anali atayendetsa chala mzere ndi mzere, ndipo mawu onse anali ofanana. Chimangirizo cha mwana wake Nthanda, chothimbirira ndi dothi la ku nazale ya fodya, chinapeza malikisi 7. Cha Dina, mwana wa manijala wa esiteti, yemwe anakopera kwa Nthanda, chinapeza 18. Malo amene mpingo unalonjeza mwana wokhoza bwino kusukulu yogonera komweko anali amodzi okha.

"Aphunzitsi, kodi mumachonga mawu kapena dzina?" anafunsa. "Bambo ake a Nthanda anamwalira, inde, koma nzeru za mwana sanapite nazo kumanda."

A Mwale anavala magalasi, nawerenga mapepala onse awiri osafulumira.

"Zoonadi mayi, n'zofanana. Mwachita bwino kubwera nazo." Anatola cholembera chofiira. "Chingerezi chotere mwana wakumunda sangachilembe. Wabera ndi Nthanda."

Anakhwatcha 7 uja, nalemba 0.

Nachisale anangoyang'ana inki ikuuma. Kenako anatuluka.

Panja, Nthanda anadzuka pakhonde, nasasa siketi yake.

"Ati chiyani, amayi?"

"Mawa tilawirira limodzi kunazale."