Chovala cha Lenart

"Idya, mwana iwe. Munthu wopanda mnofu mphepo imamuseweretsa," anatero agogo Rozalija, akukankhira mbale ya phala la žganci kwa mdzukulu wawo Lenart, wamasewera olumpha kuchokera paphiri atavala matabwa otsetserekera pachipale chofewa.

"Agogo, wonenepa sauluka. Ndikapanda kulumpha patali Loweruka lino, andichotsa m'timu. Pa zaka makumi atatu, ndani anganditolenso?"

Lenart anangomwa madzi n'kunyamuka, monga ankachitira mwezi wonsewo.

Loweruka agogowo anaima m'munsi mwa phiri, kolona ili m'manja. Zaka zonsezi ankaopa chinthu chimodzi, kuti tsiku lina adzamutola pachipale chofewa khosi litathyoka. Lenart atatsetsereka pamatabwa ake n'kuchoka pansi, iwo anatsinzina. Anatsegula maso atamva chikhamu chikukuwa. Mwanayo anali atatera bwinobwino, patali kuposa onse.

Kenako oyang'anira mpikisano anamulowetsa m'kanyumba koyezera zovala za olumpha. Anakhalitsamo, ndipo mmene ankatuluka dzina lake linali litafufutidwa pabolodi la zotsatira.

"Wavulala pati?" anafunsa agogo, akumupapasa m'nthiti. "Usandibisire."

"Sindinavulale, agogo. Akuti chovala chandikulira. Chikakhwepa chimakola mphepo, ndiye amati wabera."

"Wabera bwanji? Si chomwechi anakuyeza mwezi watha n'kunena kuti chili bwino?"

"Ndi chomwecho, agogo. Wachepa ndine."

Mphunzitsi wa timu anadutsa pafupi nawo osacheuka, foni ili kukhutu, akufunsa ngati mnyamata wina wa mumzinda wa Kranj angafike Lolemba kudzalowa m'timu.