Nambala Fili wa ku South Bend

Sutikesi ya Shalom inali kale m'buti pamene galimoto inkatuluka mu Lawrence, dera la mzinda wa Indianapolis ku America, kulowera kumpoto. Mayi ake, a Belinda, ankayendetsa uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Shalom anakhala pambali pawo, lipenga lake la m'bandi ya kusukulu lili pamiyendo ngati khanda.

Ulendo unali wa ku South Bend, ku giraduweshoni ya msuweni wake Kenan. Opita anali awiri, koma wobwerera ku Indianapolis anayenera kukhala mmodzi.

Nkhaniyi inayamba mu Ogasiti 2015, tsiku limene pepala la kusukulu linanena kuti Shalom ndi nambala 143. A Belinda ndi namwino, ndipo kuchipatala cha m'kati mwa mzinda amaona magazi osaphethira n'komwe, koma nambala imeneyi inawakhazika pansi. Kwawo ku Ntcheu mwana wa nambala yotere ankangomufunsa ngati khasu amalidziwa. Anagamula pomwepo: pofika Juni alowe m'gulu la ana teni oyambirira, apo ayi chaka chomaliza cha sekondale akachitira kwa alamu awo a Flora, pasukulu yomwe inasula Kenan.

Mwana analimbikira, tisamunamizire. Mafilimu anawasiya. Anatenga makalasi ovuta aja opatsa mapointi ambiri, ndipo lanchi ankadyera pakhomo la laibulale, buku la masamu lili pabondo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: pa Khirisimasi anali pa 61, mu Juni anafika pa 19. Aphunzitsi ake anamugwira chanza kawiri.

A Belinda anagwira pepalalo monga amachitira nthawi zonse, chala chachikulu chitapanikiza pambali penipeni pa nambala, n'kupukusa mutu.

"Naintini? Ndiye kuti pali ana eyitini a eni ake amene akudya zomwe iwe sukudya?"

Shalom anayesa kufotokoza m'Chingerezi chake chothamanga chija, koma mayi ake anamudula. Nambala sifuna loya, anatero.

Vuto linali Kenan. Dzina la mnyamatayu linkadyedwa m'nyumbamo ngati ndiwo. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Flora ankaimba foni ndi lipoti latsopano. Kenan ndi nambala fili. Chilowereni sekondale sanatsikepo kupitirira nambala folo, ngakhale chaka chomwe anathyoka mwendo. Ndi wachiwiri kwa wapampando wa kalasi, ali mu kwaya, ali m'timu iliyonse, ndipo aphunzitsi onse amamudziwa dzina mpaka ahedi. A Belinda akatsitsa foni ankamuyang'ana mwana wawo ndi chisoni chenicheni, poti ankamukonda ndipo ankaopa kuti akumulera mopepera.

Atadutsa Kokomo, Shalom anayesanso komaliza. Ananena kuti bandi yamusankha kutsogolera oimba malipenga chaka chamawa, ndipo anzake onse chiyambire giredi sikisi ali ku Lawrence. Misozi inali pafupi.

"Lipenga silinalembetsepo munthu ku koleji," anatero mayi ake. "Lolemba anti ako akakurejisitala, ukakaimpuruva kumeneko udzandithokoza."

Adilesi inawafikitsa pa tchalitchi cha njerwa zofiira chokhala ndi kanyumba kumbuyo. Pamalo oimika magalimoto panali galimoto naini zokha. A Belinda anasangalala kwambiri. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku America, Amalawi anali atafika pamwambo azungu asanabwere. Anamusenzetsa Shalom mabeseni awiri a samusa omwe anakazinga dzulo lake, akudandaula kuti mwina sakwanira chikhamu chonsecho.

A Flora anawachingamira pakhomo atavala chitenje chatsopano ndi duku lotalika ngati chulu. Anamugwira Shalom tsaya n'kumuuza kuti asadandaule, chipinda chake chakonzedwa kale, ndipo kuno mwana aliyense amakwera. Shalom anayankha kuti zikomo anti, mtima uli m'malere.

M'holo munali mizere isanu ya mipando. A Belinda anamunong'oneza mwana wawo kuti aone ulemu wake wa nzeru: amenewa ayenera kuti ndi malo a makolo a ana ochita bwino okhaokha, ena onse akakhala kwina. Anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. M'chikwamamo munali pepala la Shalom, loti akapereke ku ofesi Lolemba.

Mayi wina wachikulire anayamba kuimba piyano. Anthu anaimirira. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo munalowa mtsikana wovala gauni yabuluu, kenako mtsikana wina. Wachitatu anali Kenan, wamtali, akumwetulira mpaka m'makutu. Pambuyo pake panabwera mnyamata wina akukoka mapazi, chipewa chitapendekeka.

A Belinda anasolola khosi kudikira mzere wonse. Chitseko chinatsekedwa.

"Enawo alowera khomo liti, alamu?" ananong'ona.

"Ena ati?" anayankha a Flora, akuomba m'manja. "Kalasi yonse ndi imeneyi, ana folo."

A Belinda anatulutsa pepala lija pang'onopang'ono n'kusuntha chala chachikulu. Linkati nambala 19 mwa ana 640.

"Shalom," anatero osamuyang'ana, "sutikesi ija isatsike m'buti."