Mimba Imodzi

Mbuzi yachiwiri inali isanapse pomwe a Ezekieli anayambanso kutama makomprimidu awo, mapiritsi a kuchipatala. Anthu a pa Cassacatiza anali atadzaza pakhonde la loja, sitolo yawo, ena kudzaona wochira, ambiri kudzaona nyama.

Chaka chatha khansa inawafinya bambowa mpaka lamba kusowa pogwira. Ku Joni anawaika pa soro, diripi ya mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane okha ndi chotupacho. Koma asilikaliwo tulo! Dotolo anati vuto lili m'matumbo: tizilombo tabwino tomwe timathandiza mankhwalawo tinali titatha psiti. Nanga si a Ezekieli ankameza makapisozi a pamsika ngati mtedza, chimfine kapisozi, mutu kapisozi, chakudya cha m'zitini chokhachokha.

"Ndiye anandipatsa makomprimidu ochokera m'firiji," anatero akusisita mimba. "Makumi atatu nthawi imodzi. Zachizungu zenizeni, anthuni, osati zitsamba zanuzi! Soro uja anagwira, chotupa n'kuyamba kufota. Mwezi wamawa ndikamezanso, apo ayi akuti chibwerera."

Chomwe chinkawanyansa pa chisangalalo chonsecho chinali chimodzi: mng'ono wawo Dinis, yemwe anali atakhala pa njerwa chapafupi. Mwana wawo Estere, namwino, ndiye anaumirira kuti Dinis apite nawo ku Joni, ndipo mpaka lero a Ezekieli sankaona phindu lake. Munthu wa kumudzi ku Mualadzi, wokulira nyemba, chigwada ndi mgaiwa. Chikwama kunyamula osatha. M'mawa uliwonse kumangosowa, ati ali kuchimbudzi, madotolo n'kumamupatsa moni ngati nduna. Zamanyazi!

Nyama itafika, Dinis anasamba m'manja n'kutambasulira dzanja m'mbale ya mkulu wake.

"Iwe! Chotsa dzanjalo!" anakalipa a Ezekieli. "Ine wochira ku Joni ndidye mbale imodzi ndi iwe? Tizilombo takoto ukadyere kwanu."

"Akulu, si ndife a mimba imodzi?"

"Mimba imodzi inathera kwa amayi. Nyamuka!"

Dinis anaimirira. Anapukuta dzanja pa buluku, natenga njinga yake. Odya nyama anaseka, poti mwini mbuzi akakalipa umaseka basi. A Ezekieli anamva kukoma mumtima.

Estere anatulukira kukhitchini chothamanga, nagwira njingayo, n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Musiye azipita!" anakuwa a Ezekieli. "Watithandiza chiyani ameneyo?"

"Ababa, akapita, mwezi wamawa mukameza chiyani? Makomprimidu a m'firiji aja amapangidwa ndi chimbudzi cha ababa aang'onowa."

A Ezekieli anabwezera nthuli m'mbale. Dinis anakwera njinga mosafulumira.

"Mwanawe, uwauze akuluwo adye bwino nyama yawo. Ine mwezi wamawa ndidzakhala nditadzimbidwa."