Mabatire a Mashini a Bambo

Kasikuluwu komaliza kanadumpha pa tebulo n'kulowa kunsi kwa bedi. Mayi a mapasa anagwada, n'kuyamba kupapasa m'fumbi ngati mbava. Chitseko cha kuchipinda anali atakhoma, makatani atatseka, masanasana. Mapasawo anali kusukulu. Bambo awo, oyendetsa basi, anali pamsewu.

Pa tebulo panali mashini ometera ndevu a bambowo, atatsegulidwa pamimba, tiwaya tili pamtunda. Pambali pake panali mabatire awiri atsopano, otchaja, akadali m'kapepala kawo. Mashiniwo anafera m'manja mwa mayi m'mawa womwewo, ndipo chimene ankachita nawo sakanauza munthu, ngakhale mayi awo owabereka.

Ndevu zinawayamba atabereka mapasa. Poyamba tinali titsitsi towerengeka kunsi kwa chibwano, tozula ndi zala. Kenako zinachuluka, zakuda, zolimba ngati za mwamuna. Anayesa lezala, koma linawasiyira tiziphuphu ndi zipsera, moti anayamba kuyenda ndi mpango m'khosi ngakhale kutenthe bwanji. Anzawo ankati ndi fasho. Iwo ankangoseka nawo, kumtima akukumbukira mayi wina wa ndevu, wogulitsa makala, amene ali atsikana ankamukuwiza kuti "Abambo mayi!" n'kuthawa.

Chimene ankaopa kwambiri ndi amuna awo. Mwamuna angapirire zambiri, koma kugona ndi mnzake wa ndevu? Akafuna kuwagwira kumaso, iwo ankatembenuka ngati amva mwana akulira.

Tsiku lina bambowo anabwera ndi mashiniwa, n'kuwaika pa shelefu ya kubafa. Loweruka lililonse ankadzitsekera, mashini n'kumalira kuti zzz, iwo akuimba mluzu. Mayi anapirira mwezi. Kenako anayesa kamodzi, m'nyumba mulibe munthu. Chibwano chinasalala, popanda bala. Kuyambira pamenepo kunali kuba kwa tsiku ndi tsiku. Akamaliza ankapukuta ndi kaburashi, kuuzira, n'kubweza pamalo pomwepo, chingwe chotchajira atachipinda momwe anachipezera.

Koma mabatire sasunga chinsinsi. Anayamba kutha msanga. Lero anazimiratu, mbali imodzi ya chibwano isanametedwe, ndipo kutchaja sikunathandize.

Mayi anathamanga ndi mashiniwo kwa wokonza mafoni. "Ndi a amuna anga," anatero asanafunsidwe.

Wokonzayo anawayeza, n'kuseka. "Mabatire afa awa. Amuna anu amameta ndevu kapena amatchetcha nawo kapinga?"

Mayi anakweza mpango mpaka pakamwa. Anthu anali ambiri pamzere, ndipo mashini sakanagona kunja, pakuti mawa linali Loweruka. Anagula mabatire, anabwereka sikuludiraiva yaing'ono, anamvetsera malangizo: akale muwatukule pang'onopang'ono, atsopano alowe moyang'ana komwe akale anayang'ana.

Kasikuluwu kaja anakapeza. Anatukula batire loyamba, linatuluka. Lachiwiri linakana. Anakanikiza, sikuludiraiva inaterereka n'kuwabaya pachala. Batire linafwamphuka, ndipo akale onse awiri anagubuduka pa tebulo. Tsopano mutu unali mbali iti? Anayang'anitsitsa, misozi ikutchinga maso.

Chitseko chinagogodedwa.

"Mayi a mapasa, mwadzikhomera bwanji masana ano? Basi yafera ku depoti, atibweza."

Panalibe pobisa. Anatsegula, dzanja lili pachibwano. Bambowo analowa, fungo la dizilo lili m'malaya. Anayang'ana tebulo, anayang'ana chala cha magazi, anayang'ana mpango uli pansi.

"Mashini ndawapha ndine," anatero mayi, maso ali pansi. "Ndakhala ndikumetera. Ndili ndi ndevu, bambo. Onani."

Anachotsa dzanja. Anadikira kuseka, kapena kutsonya, kapena chete uja amene amaposa zonse ziwiri.

Bambowo anakoka mpando, anakhala pansi, anatenga batire limodzi n'kulitembenuza pa kuwala. Zala zawo zikuluzikulu zinavutika ndi timasikuluwu. Mayi anaima chiimire, akufuna pansi patang'ambika.

Pomaliza bambowo anadina batani. Mashini analira mwamphamvu ngati atsopano. Anawapukuta ndi malaya, n'kuwaika m'manja mwa akazi awo.

"Malizani mbali inayo."

"Ayi, bambo. Sindidzakhudzanso zinthu zanu."

"Zanga ziti?" anatero bambowo, akukanda m'mutu, manyazi tsopano ali kwa iwo. "Ine amandimeta wometa wa ku depoti. Mashiniwa ndinagulira inu nditaona lezala likukupwetekani, koma ndinasowa poyambira. Loweruka ndimangowayatsa kubafa kuti muzimva akulira, mwina muwayese."