Mukutitchinga, Bambo

"Pepani bambo, tasunthani pang'ono, mukutitchinga," anatero mayi wina, foni ili m'mwamba.

Wofotokozera alendo m'nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo anameza mawu amene anali kale pamlomo. Anakatsamira khoma pafupi ndi chozimitsira moto.

Alendo onse analozetsa mafoni kung'oma yakale imene iye wakhala akuifotokoza kuyambira tsitsi lake lili bii. M'mafonimo munatulukira kamunthu ka katuni kakuimba ng'omayo, ana n'kumalimbirana kutola nyenyezi zamasewera.

Kenako kamunthuko kanayankhula. Anali mawu enieni a wofotokozera uja, amene anamujambula chaka chatha.

Itafika nthabwala imene iye amanena nthawi zonse pang'omapo, onse anafa nako kuseka. Palibe amene anamucheukira.

Iye anaimalizitsa yekha kukhomako, milomo yokha ikugwedera.