Masiku Asanu ndi Anayi a Bambo

"Anayamba kuwaona ndani matuzawo?" anafunsa namwino.

Ndinayang'ana pansi. Bambo anali atakhala pabedi la kuchipatala, malaya ali m'manja. Matuza a mashingoziwo anapola miyezi itatu yapitayo, koma m'nthiti munkawotchabe ngati moto. Nsalu ikangowakhudza ankadzidzimuka. Telala wodziwika msewu wathu wonse, tsopano ankasoka osavala malaya, chitseko chili chotseka.

"Munthu wa shuga sayenera kuchedwa nawo matendawa," anapitiriza namwino. "Mukanabwera m'masiku atatu oyamba, mwina mitsempha sikanavulala chonchi. Ululuwu utha kukhala zaka."

Amayi anatembenuka. "Abambo ake, mpaka masiku asanu ndi anayi osabwera kuchipatala? Nyumba yonse ija palibe anaona?"

Ine ndinaona. Tsiku loyamba lomwelo, ndikuwabaya chala kuti tiyeze shuga, malaya awo anatseguka. Timatuza tinali titandandalika ngati mabatani. Anandigwira dzanja. "Usawauze amako, mwanawe. Ukudziwa zimene anthu amaganiza akamva mashingozi."

Kusukulu tinaphunzira za matendawa, funso lake ndinalikhoza pamayeso. Koma ndinangoti, "Chabwino, ababa."

Tsopano, pamaso pa namwino, ndinatsegula pakamwa.

"Ndinabisa ndekha," anandidula Bambo. "Uyu mutu uli m'mabuku basi, angaone chiyani?"

Amayi anapukusa mutu, n'kundisisita paphewa.

Bambo anavala malaya aja pang'onopang'ono, akudziluma mlomo. Mabatani ndinawamangira ndine, limodzilimodzi, osawayang'ana kumaso.